Mmene Mungapangire Nthano ya Zithunzi Potsata Njira za Hergé

Nthano ya zithunzi, imene m'sukulu za kuno ku Mozambique amaitchula kuti banda desenhada, ndi nkhani yofotokozedwa m'timabokosi totsatizana, momwe muli anthu ojambulidwa pamodzi ndi mawu amene akulankhula. Achinyamata ambiri a ku Angonia, Tsangano, Macanga ndi Moatize ali ndi dzanja labwino lojambula, ndipo umboni wake uli pa zikuto za makope awo ndi pa makoma a magolosale ndi malo ometera, koma ndi ochepa amene anasonyezedwapo mmene chithunzi chimodzi chimagwirirana ndi chinzake mpaka zonse kukhala nkhani. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kupanga nthano yake yoyamba ya masamba awiri m'Chichewa, ndipo ndawatenga pa kagwiridwe ka ntchito ka Hergé, mmisiri wa ku Belgium amene analenga Tintin, mnyamata wa m'nthano za zithunzi. Ndasankha iyeyu chifukwa njira zake zimaoneka poyera pa tsamba lililonse limene anajambula, ndiponso chifukwa m'ntchito yake muli cholakwa chachikulu chokhudza ife anthu a mu Africa, chimene wojambula aliyense wa kuno ayenera kuchidziwa asanagwire pensulo.

Dzina lake lenileni linali Georges Remi, ndipo anabadwa pa 22 Meyi 1907 ku Etterbeek, dera la mumzinda wa Brussels. Luso lake silinachokere ku sukulu yapamwamba ya zojambula, koma anadziphunzitsa yekha kuyambira ali mwana, ndipo zojambula zake zoyamba zinatuluka m'magazini a gulu la Scout, momwe mu 1926 anayamba nkhani ya mnyamata wotchedwa Totor. Analembedwa ntchito ku nyuzipepala ya Chikatolika yotchedwa Le Vingtième Siècle, imene mkulu wake anali wansembe, Bambo Norbert Wallez, ndipo mu 1928 anapatsidwa udindo woyang'anira kabuku ka ana kotchedwa Le Petit Vingtième, kamene kankatuluka Lachinayi lililonse. M'kabukuko ndi mmene Tintin, mtolankhani wachinyamata, ndi galu wake Milou anaonekera koyamba pa 10 Januwale 1929, Hergé ali ndi zaka 21. Pamene ankamwalira pa 3 Marichi 1983 n'kuti atamaliza mabuku 23 a Tintin, la 24 lili losatha.

Choyamba choti mutengepo ndi muyeso wa ntchito. Hergé sanayambe ndi buku lalikulu, koma ankapereka masamba awiri sabata iliyonse, ndipo mabuku amene anthu amawadziwa lero anabadwa mwa kusonkhanitsa masamba amenewo. Inunso dziikireni masamba awiri, musankhe tsiku la sabata limene muzidzawamaliza, ndipo tsikulo musamalisunthe, chifukwa dzanja limakhwima ndi ntchito yomalizidwa osati ndi malingaliro a buku la masamba 100 limene silinayambike.

Zipangizo ndi nkhani yoti mujambule

Simufunika zambiri. Pezani mapepala oyera opanda mizere, makamaka a A3, pensulo ya HB, chofufutira chofewa, rula, cholembera cha inki yakuda, ndi kope laling'ono lokwana m'thumba. Hergé ankajambula pa pepala lalikulu kuposa tsamba losindikizidwa, chifukwa chithunzi chikachepetsedwa mizere imaoneka yosalala ndipo timatenda ting'onoting'ono ta dzanja timabisika. Inunso mukajambula pa A3 mungapemphe a fotokope kuti achepetse tsambalo likhale A4. Cholembera chilichonse muyambe mwachiyesa pa kapepala kapadera: lembani mzere, mudikire uume, kenako mupitepo ndi chofufutira, ndipo ngati inki yapakika, cholemberacho sichikuyenerani. Bolopeni ya buluu isiyeni, pakuti siituluka bwino pa fotokope.

Musanajambule kanthu, lembani nkhani yonse m'mawu. M'zaka zake zoyamba Hergé ankayamba nkhani asakudziwa kumene idzathere, ndipo sabata iliyonse ankangofuna njira yotulutsira Tintin m'vuto limene anamusiyamo sabata yapitayo, n'chifukwa chake buku loyamba, Tintin au pays des Soviets, ndi mndandanda chabe wa kuthamangitsana ndi kuphulika kwa zinthu. Atakhwima anayamba kulemba chidule cha nkhani asanajambule, ndipo mabuku ake anakhala ndi msana. Kwa masamba awiri chidule cha mizere isanu kapena isanu ndi umodzi n'chokwanira, bola chiyankhe mafunso awa: ndani akufuna chiyani, chikumutchinga n'chiyani, ndipo achita chiyani ndi manja ake kuti achipeze.

Titenge chitsanzo chimene tiyende nacho mpaka kumapeto. Mtsikana watumidwa ndi agogo ake kuti akagulitse tambala ku msika wa Ulongwe, ndalama yake akagule mbewu ya nyemba. Ali m'njira luzi lomangira miyendo ya tambalayo laduka, tambala wathawa n'kudumphira m'ngolo ya ng'ombe yodzaza matumba a mbatatesi, ndipo mwini ngolo, amene sanaone kanthu, wakhotera msewu wina. Mtsikanayo ayenera kupempha bambo wina wa njinga kuti amuthandize kutsata ngoloyo dzuwa lisanapendeke. Nkhani yotereyi ndi yabwino poyambira chifukwa chilichonse chimene chikuchitika chikuoneka ndi maso: kuthamanga, kudumpha, kupempha, kupeza. Nkhani imene anthu angokhala pansi n'kumakambirana imayenera wailesi, ndipo pa pepala imatopetsa.

Jambulani zimene mwaziona ndi maso anu

Pano m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikhalapo nthawi yaitali.

Mu 1930 ndi 1931 Hergé anajambula Tintin au Congo, pa nthawi imene dziko la Congo linali m'manja mwa Belgium. Iye anali asanapondeko ku Congo, ndipo anadalira zimene azungu anzake ankakamba, zolemba za amishoni ndi zinthu zosungidwa m'nyumba ya chionetsero ya ku Tervuren, pafupi ndi Brussels. Zotsatira zake n'zopweteka kuziona: anthu akuda onse ali ndi nkhope imodzimodzi ya milomo yokokomezedwa, amalankhula Chifalansa chothyokathyoka, amaoneka aulesi ndi amantha ngati ana, ndipo pamapeto amagwadira mnyamata wachizungu. Nyama nazo zimaphedwa mosasamala, mpaka chipembere kuphulitsidwa ndi bomba. Pamene bukuli linajambulidwanso ndi mitundu mu 1946, phunziro limene Tintin ankauza ana a ku Congo kuti dziko lawo ndi Belgium linasinthidwa kukhala phunziro la masamu, koma nkhope zija zinatsala momwemo. Ife a m'mayiko amene ankalamulidwa ndi Portugal tili ndi chifukwa chapadera chodziwira zimenezi. Magazini ya ana ya ku Lisbon yotchedwa O Papagaio inayamba kusindikiza Tintin mu 1936, ndipo itafika pa nkhani ya ku Congo inaitcha Tim-Tim em Angola. Ngati nkhani ingasamutsidwe kuchoka ku Congo kupita ku Angola mwa kungosintha mayina, ndiye kuti Africa amene anajambulidwamo sanali malo enieni alionse, ndipo anthu ake sanali anthu enieni. Atakalamba, Hergé mwini anavomera kuti pa nthawiyo ankangotsata maganizo okondera a anthu amene anakulira pakati pawo.

Chimene chinamusintha chinachitika mu 1934. Atalengeza kuti Tintin apita ku China, wansembe wina wosamalira ophunzira a ku China pa yunivesite ya Louvain ku Belgium, Bambo Léon Gosset, anamulembera kalata yomuchenjeza kuti akajambula anthu a ku China mmene azungu ankawaganizira adzakhumudwitsa ophunzira akewo. Motero Hergé anakumana ndi Zhang Chongren, mnyamata wa msinkhu wake wochokera ku Shanghai amene ankaphunzira zosemasema ndi zojambula ku Brussels. Kwa miyezi yambiri awiriwa ankakumana, Zhang n'kumamufotokozera mbiri ya dziko lake, kumusonyeza kagwiridwe ka burashi, ndi kumulembera ndi dzanja lake mawu a Chitchaina a pa zikwangwani za m'misewu. Buku limene linatulukamo, Le Lotus bleu, lili ndi misewu, zovala ndi nyumba zoona, ndipo linanena poyera za mmene asilikali a Japan anaphulitsira njanji mu 1931 kuti apeze chifukwa cholanda Manchuria, dera la China, mpaka akazembe a Japan ku Brussels anadandaula. Sikuti bukuli lilibe banga, pakuti anthu a ku Japan anajambulidwabe monyoza, koma kusiyana kwake ndi buku la ku Congo n'kwakukulu kwambiri, ngakhale kuti panangodutsa zaka zinayi zokha ndipo dzanja linali lomwelo.

Kuyambira pamenepo Hergé ankayesetsa kuona chinthu asanachijambule, m'malo mongochiganizira. Ankadula zithunzi za magalimoto, sitima, mayunifolomu ndi nyumba m'manyuzipepala n'kuzisunga m'mafayilo. Pokonza nkhani ya ulendo wa kumwezi, imene inatuluka m'mabuku awiri mu 1953 ndi 1954, anapangitsa kachifanizo ka roketi kotsegulika kuti mkati mwake muzijambulidwa mofanana nthawi zonse. Pokonza L'Affaire Tournesol, buku la 1956, anapita iye mwini ku Geneva ndi ku Nyon, m'dziko la Switzerland, kukaona misewu ndi nyumba zimene anafuna kuikamo. Osindikiza a ku London atapeza zolakwika 131 m'buku la L'Île noire, lofotokoza za ku Britain, Hergé anatuma womuthandiza wake Bob de Moor kuti akajambule zinthuzo komweko, ndipo bukulo linakonzedwanso lonse.

Inu muli ndi mwayi umene Hergé analibe, chifukwa dziko limene mukujambula lili pakhomo panu. Komabe kukhala pafupi ndi chinthu si kuchiona. Ambiri a ife takwera ngolo kuyambira tili ana, koma tikapatsidwa pensulo sitingasonyeze kuti goli limakhala pati pakhosi pa ng'ombe, zikeyi zimalowa bwanji, kapena kuti mtengo wokokera umalumikizana motani ndi ngoloyo. Choncho tengani kope lanu lija mupite ku msika tsiku limene anthu achuluka, mukhale pambali, mujambule mwachangu zinthu zonse zimene nkhani yanu ikufuna: mmene thumba la mbatatesi limasokedwera kukamwa, mmene limamangidwira pa kaliyala wa njinga ndi malamba odulidwa ku chubu, mmene munthu amanyamulira tambala kukhwapa, mmene mayi amamangira chitenje akabereka mwana ndi mmene amachimangira akakhala pansi kugulitsa tomato. Zojambulazi zisakhale zokongola, zikhale zoona basi, ndipo pambali pake muzilemba mawu okukumbutsani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limodzi lokhala pamsika ndi kope lidzakupatsani zambiri kuposa mwezi wathunthu wokopera zithunzi za pa intaneti. Ngati mukufuna kujambula munthu ndi foni, yambani mwamupempha, ndipo akakana musakakamire.

Samalaninso malo ndi nyengo. Chigawo chathu cha Tete si chofanana konsekonse. Kumtunda kwa Angonia ndi Tsangano kumazizira, kuli minda ya mbatatesi, chimanga ndi nyemba, ndipo m'mawa wa mwezi wa Juni anthu amavala majuzi ndi zipewa zoluka; kuchigwa cha Zambezi, kumene kuli mzinda wa Tete ndi mlatho wa Samora Machel wolendewera pa zingwe zachitsulo, n'kotentha ndipo n'kumene kuli mitengo yambiri ya malambe. Mukaika mlambe pafupi ndi phiri la Domwe chifukwa choti mabuku akunja amaika mlambe paliponse pamene alemba za Africa, mwabwereza cholakwa cha ku Congo chija m'dziko lanu lomwe. Mtsikana wathu akukagula mbewu ya nyemba, kutanthauza kuti nyengo yodzala yayandikira, ndiye udzu, minda ndi thambo zigwirizane ndi nyengoyo kuyambira kabokosi koyamba mpaka komaliza.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Mukafuna kuika m'nkhani yanu munthu wa mtundu wina, kaya Mnyungwe, Msena, wamalonda wochokera ku India kapena ku China, kapena m'bale wathu wa kutsidya kwa malire ku Dedza, musamuchite zimene tinachitidwa ife, zomupatsa nkhope yoseketsa ndi malankhulidwe opusa. Pezani munthu wa mtunduwo, mumusonyeze zimene mwajambula, ndipo mumvere zimene akuuzeni monga Hergé anamvera Zhang. Chachiwiri ndi Gule Wamkulu, amene amakopa wojambula aliyense chifukwa cha maonekedwe ake. Jambulani zokhazo zimene anthu onse amaziona pabwalo, musalowetse za kudambwe m'nthano, ndipo musanafalitse tsamba lotero kalisonyezeni kwa akuluakulu a mwambowo ndi kwa amfumu.

Anthu a m'nkhani ndi kagawidwe ka tsamba

Munthu wa m'nthano ya zithunzi mudzamujambula kambirimbiri, akuseka, akuthamanga, atatembenuka, choncho akhale wosavuta kubwereza ndiponso wodziwika msanga. Nkhope ya Tintin ndi yozungulira, maso ndi timadontho tiwiri, ndipo chomudziwitsa ndi tsumba la tsitsi pamphumi. Kaputeni Haddock, amene analowa m'nkhanizi mu 1941, amadziwika ndi ndevu zakuda ndi juzi la buluu lokhala ndi chizindikiro cha nangula, pamene apolisi awiri ofanana, Dupond ndi Dupont, amasiyana kapindikidwe ka ndevu za kumlomo kokha. Patsani munthu wanu aliyense chizindikiro chimodzi kapena ziwiri zimene sizisintha: mtsikana akhale ndi mpango wa madontho, bambo wa njinga akhale wamtali wovala chipewa chakhonde, mwini ngolo akhale wamfupi wa nsapato za jombo. Ajambuleni onse pa pepala limodzi ataima pamodzi kuti misinkhu yawo idziwike, aliyense kutsogolo, cham'mbali ndi kumbuyo, ndipo pepalalo mulipachike pamene mukugwirira ntchito. Kuti mudziwe ngati mwakhoza, detsani thupi lonse la munthuyo likhale ngati chithunzithunzi, ndipo ngati mwana angathe kunena kuti uyu ndi uje, zili bwino. Maluwa a pa chitenje muwachepetse kwambiri, chifukwa mudzawabwereza m'kabokosi kalikonse.

Tsopano gawani tsamba. Kuyambira 1942, chifukwa cha kusowa kwa mapepala m'nthawi ya nkhondo, osindikiza a Casterman anakhazikitsa kuti buku lililonse la Tintin likhale la masamba 62, ndipo tsamba lililonse kawirikawiri linkakhala ndi mizere inayi ya timabokosi. Tsatirani muyeso womwewo: mizere inayi, uliwonse wa timabokosi tiwiri kapena titatu, ndipo pakati pa timabokosi musiye kampata kofanana ka pafupifupi theka la sentimita. Musayambe pa pepala labwino. Tengani pepala lotha ntchito, mulembe timabokosi mwachisawawa, anthu akhale timizere ndi timipira chabe, ndipo muyese kangapo mpaka nkhani iyende.

Kabokosi kalikonse kanene chinthu chimodzi. Koyamba kakhale kotakata, kosonyeza mudzi, nkhokwe ndi agogo akupereka tambala, kuti wowerenga adziwe kumene ali. Kachiwiri kayandikire nkhope zawo pamene agogo akulangiza. Luzi likamaduka, sonyezani miyendo ya tambala yokha, pafupi kwambiri, popanda mawu alionse. Popeza timawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, Hergé ankayendetsa Tintin cha kumanja akamapita patsogolo ndi ulendo, ndipo chomutchinga chinkabwera kuchokera kumanjako. Mtsikana wanu athamangire kumanja, ngolo ipite kumanja, ndipo musatembenuze mbali pakati pa kuthamangitsana, chifukwa wowerenga adzaganiza kuti wabwerera kumudzi. Pa chifukwa chomwecho, amene ayambe kulankhula aime kumanzere kwa kabokosi.

Kabokosi komaliza ka tsamba ndi kofunika kuposa tonse. Popeza nkhani zake zinkatuluka pang'onopang'ono, Hergé anazolowera kusiya funso pansi pa tsamba, monga chitseko chikutseguka kapena phokoso losadziwika, kuti mwana afunefune kabuku ka sabata yotsatira. Tsamba lanu loyamba lithere pamene mtsikana wafika pa mphambano, ngolo sikuoneka, ndipo mikwaso ya matayala ikupita mbali zonse ziwiri.

Pensulo, inki ndi mawu

Mizere yosalala ya m'mabuku a Tintin imanamiza anthu kuti Hergé ankakhoza kamodzi kokha. Mapepala ake a pensulo amene anasungidwa amasonyeza zina: ankajambula, kufufuta ndi kubwereza mwamphamvu, nthawi zina mpaka kuboola pepala, ndipo mwendo umodzi unkakhala ndi mizere yambiri yosanjikizana. Kenako ankaika pepala loonekera pamwamba n'kusankha mzere umodzi wokha, umene unali ndi moyo kuposa inzake, ndi kuusamutsira pa pepala loyera. Chitani chimodzimodzi. Ngati mulibe pepala loonekera, gwirizitsani mapepala awiriwo pa galasi la zenera masana, ndipo kuwala kwa dzuwa kudzakusonyezani mizere ya pansi.

Kajambulidwe kameneka kanapatsidwa dzina loti ligne claire, kutanthauza mzere woonekera bwino, mu 1977 ndi wojambula wa ku Netherlands, Joost Swarte. Chinthu chilichonse chimazunguliridwa ndi mzere wa kunenepa kumodzi, wotsekeka bwino, popanda timizere tambirimbiri tosonyeza mthunzi, ndipo mitundu imapakidwa yosalala. Cholinga chake ndi chakuti wowerenga amve chithunzi nthawi yomweyo, ndipo kwa ife n'kothandiza kwambiri chifukwa tsamba lotere limatuluka bwino ngakhale pa makina a fotokope otopa kapena pa foni yaing'ono. Chenjerani makamaka pojambula khungu lakuda: musadetse nkhope ndi inki kapena ndi timizere, chifukwa maso ndi pakamwa zimasowa, ndipo munthu amasanduka chigoba. Isiyeni nkhope yoyera mkati mwa mzere wake, tsitsi lokha ndilo lide, ndipo ngati mudzapaka mitundu, sankhani mitundu yofiirira yosiyanasiyana monga mmene anthu enieni amasiyanirana. Podutsa ndi inki yambani pamwamba kumanzere ngati mumalemba ndi dzanja lamanja, ikani kapepala pansi pa dzanja kuti thukuta lisadetse tsamba, ndipo musafufute pensulo inki isanaumitsitse.

Mawu alembedwe zithunzi zisanamalizidwe. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo wojambula amene amasiya malo a mawu pomaliza amakakamizika kuwapanikiza pakona. Lembani timizere ta pensulo ndi rula, mulembe mawuwo ndi zilembo zazikulu zofanana, kenako muzunguliretu kathumba kake, kamchira kake kakuloza pakamwa pa wolankhula. Musabwereze m'mawu zimene chithunzi chanena kale. Ngati tambala akuoneka akudumphira m'ngolo, palibe chifukwa choti mtsikana anene kuti tambala wadumphira m'ngolo. Anthu alankhule mmene amalankhulira kwathu. Agogo anganene kuti, "Iwe mwana, usakataye ndalama pa zitumbuwa," koma mtsikanayo poimitsa wa njinga adzati, "Zikomo bambo, pepani ndakuimitsani, mwaionako ngolo ya mbatatesi?" Wapolisi kapena wa ku ofesi ya boma akalankhula Chipwitikizi, musiyeni alankhule Chipwitikizi m'kathumba kake, pakuti ndi mmene zimakhalira. Chilankhulo chathu chili ndi chuma cha mawu a mvekero amene nthano ya zithunzi imawafuna, monga chubwi munthu akagwera m'madzi, gubudu matumba akagwa, ndi zii pamene onse asowa chonena, ndipo awa alembeni ndi zilembo zonenepa kunja kwa timatumba. Pa kalembedwe, mabuku a sukulu a kuno, kumene maphunziro a zilankhulo ziwiri anakhazikitsidwa mu 2003, amalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch. Sankhani njira imodzi malinga ndi amene mukuwalembera, ndipo musasakanize. Pomaliza werengani mawu onse mokweza pamaso pa munthu wamkulu ndi mwana wa sukulu, ndipo pamene aliyense wa iwo wadodoma, pakonzeni.

Othandiza, kofalitsira ndi kasungidwe

Hergé sanagwire ntchito yekha mpaka kumapeto. Mu 1944 wojambula mnzake Edgar P. Jacobs anayamba kumuthandiza pa malo ndi mitundu, ndipo mu 1950 Hergé anakhazikitsa kampani yake yojambula yotchedwa Studios Hergé, kumene Bob de Moor, Jacques Martin ndi Roger Leloup ankajambula nyumba, magalimoto ndi ndege, iye n'kusunga anthu a m'nkhani m'dzanja lake. Inunso mungagawane ntchito ndi mnzanu wolemba bwino zilembo kapena wodziwa kujambula njinga. Koma apa musamutsanzire pa chimodzi: Jacobs atapempha kuti dzina lake lizilembedwa pamodzi ndi la Hergé anakanizidwa, ndipo mu 1947 anasiya. Aliyense amene wagwira nanu tsamba, dzina lake lilembedwe.

Ganiziraninso bwino za amene akukupatsani malo ofalitsira. Germany italanda Belgium mu 1940, Le Vingtième Siècle inatsekedwa, ndipo Hergé anapitiriza Tintin m'nyuzipepala ya Le Soir, imene inkalamulidwa ndi olandawo. M'nthawi imeneyo anajambula L'Étoile mystérieuse, momwe munali zithunzi zonyoza Ayuda pamene Ayudawo ankazunzidwa m'dziko lomwelo. Brussels itamasulidwa mu Seputembala 1944 Hergé anamangidwa kangapo ndipo analetsedwa kugwira ntchito m'manyuzipepala, mpaka pamene Raymond Leblanc, amene anamenyera ufulu wa dzikolo, anayambitsa naye magazini ya Tintin mu 1946. Wina akakupemphani kuti mujambule nthano yonyoza anthu a chipani china, mpingo wina kapena mtundu wina, kumbukirani kuti ndalama yake idzatha msanga koma dzina lanu lidzatsala pa tsambalo. Malo abwino oyambira alipo ambiri: bolodi ya zidziwitso ya sukulu kapena ya tchalitchi mutapempha chilolezo, gulu la WhatsApp la kwanu, kapena tsamba lanu la Facebook.

Musakopere Tintin, Milou kapena Haddock n'kuwaika m'nthano yanu, chifukwa Hergé sanafune kuti wina apitirize nkhanizo iye atamwalira, ndipo eni ufulu wa ntchito yake amauteteza mwamphamvu. Zimene mukutenga kwa iye ndi njira, osati anthu ake. Pansi pa tsamba lililonse, mkati mwa kabokosi komaliza, lembani dzina lanu, chaka ndi nambala ya tsamba, kuti likamayenda m'mafoni a anthu dzinalo lisadulidwe. Pojambula tsamba ndi foni, liyaleni pansi pamthunzi panja masana, foni ikhale pamwamba pake molunjika kuti timabokosi tisapendekeke, ndipo musayatse kuwala kwa foni. Wina akafuna kupachika kapena kutenga nthano yanu, mupatseni fotokope. Pepala lenileni lisungeni losapinda, pakati pa makatoni awiri, m'thumba la pulasitiki, pamalo okwera kumene chiswe, mbewa ndi chinyezi cha dzinja sizingafike.